Ba Levy Mpundu ndi Ngalande Imene Sinakumbidwe

Malemu amene agona pakati pathu apa, Ba Levy Mpundu, anabadwa pa 14 Malichi 1965 ku Mufulira. Bambo awo ankagwira ntchito mu mgodi, mayi awo ankagulitsa kapenta pamsika. M'banja mwawo anabadwa asanu ndi mmodzi, iwo anali achitatu.

Ine amene ndikuwerenga ndine Lillian, mkazi wawo. Ambiri mumandiitana Bana Chola, kutanthauza mayi wake wa Chola, mwana wathu. Ndikudziwa kuti si mwambo. Wamasiye amayenera kukhala pansi atafunda chitenje kumutu, mbiri n'kuwerenga wina wa kuchimuna. Alamu anga Ba Kabwe anali atalemba kale yawo, yabwino, ya Chingerezi, ndipo dzulo anandimasulira. Munali sukulu zonse ndi maudindo onse a kutchalitchi, koma ngalande munalibe. Ndiye ndalemba yanga. Sukulu ndinalekera giredi seveni ku Katete, polakwika mukonze nokha mumtima. Ndapemphanso abusa kuti iwerengedwe pano panyumba tisanakwere mabasi, chifukwa ena amene ayenera kuimva kumanda sapita, amatsala kudikira chakudya. Nkhani yake ndinenetu poyamba: ndalama zokumbira ngalande mu laini yathu ino zilipo, anazipempha ndi malemuwa, ndipo pa 30 Seputembala zipita kwina ngati msewu sutsegulidwa. Lero ndi pa 6.

Malemu anayamba sukulu mu 1972 ku Mufulira komweko, ndipo anafika fomu 3 mu 1981. Chaka chimenecho bambo awo anamwalira, banja linatuluka m'nyumba ya kumgodi, sukulu inathera pomwepo. Amalume awo anawaphunzitsa kumanga nyumba. Mu 1987 anabwera ku Lusaka, anakhala ndi Ba Kabwe ku Matero, n'kupeza ntchito pa kampani ina youmba mabuloko ku Chinika. Anagwira pamenepo zaka khumi ndi chimodzi. Kampaniyo itatsekedwa anayamba kumanga paokha. Nyumba zambiri za mu laini ino ndi manja awo. Mipanda inanso imene nditchule kutsogoloku ndi manja awo omwe.

Tinadziwana mu 1990 pamsika wa Soweto, pamene ndinkagulitsa tomato. Ankagula tomato tsiku lililonse, munthu wopanda ndi poto yemwe. Iwo Mbemba, ine wa kum'mawa, ndiye mukudziwa za chimbuya, kunyozana kwa nthabwala pakati pa mitundu yathu: iwo ankanditcha wodya mbewa, ine ndinkawatcha wodya anyani. Abale anga a kum'mawa amene mwabwera ndi ufa woti mupake azilamu anga kumaso, pakani, ndi mwambo wanu, koma mudikire ndimalize. Tinakwatirana pa 10 Ogasiti 1991. Mulungu anatipatsa ana atatu.

Anali munthu wotani? Mowa anasiya mu 1999. Sanandimenyepo. Panyumba ankalankhula pang'ono, pamsonkhano ankalankhula mpaka anthu kuyamba kuyang'ana mafoni. Akaganiza chinthu, basi, ngakhale uwauze bwanji. Ine ndakhala nawo zaka makumi atatu ndi zinayi, ndikunena zimene ndikudziwa.

Mu Seputembala 1996 tinagula puloti ino ku Kanyama. Tinagula m'chilimwe, pansi pali gwa, fumbi lokhalokha. Wogulitsa sanatiuze kuti pansi pake ndi mwala ndipo madzi salowa. Tinadziwa mu Januwale, titadzuka n'kupeza mapoto akuyandama. Kuyambira pamenepo bedi lathu lakhala pa mabuloko, ndipo pabwalo pamakhala miyala yopondapo kuchokera pakhomo mpaka kuchimbudzi. Sindikuuza alendo. Aliyense wa kuno ali ndi miyala yake.

Nthawi imeneyo msewu uwu unali waukulu, malole awiri ankatha kupatukirana. Mu 2003 Ba Ngosa, a nyumba ya geti yakuda ija, amene ali ndi lole ya Kanta, anamanga mpanda n'kuutulutsa pang'ono kumsewu kuti lole ikwane mkati. Palibe ananena kanthu. Oyandikana nawo ataona anati nafenso tifanane nawo, mpanda usaoneke wokhota. Ena anaonjezapo chipinda cha lendi. Choncho msewu unapita, phazi limodzi limodzi. Ifenso sindibisa. Mu 2006 malemu anandimangira kantemba ka mabuloko kutsogolo kwa nyumba, pamsewu penipeni. Ndinkagulitsamo sopo, saladi, makandulo, mabanzi, ufa wa timapaketi. Kantemba kameneko ndi kamene kanaphunzitsa ana atatu onse.

Mu 2016 anawapeza ndi matenda a shuga. Mankhwala ankamwa akakumbukira.

Mu 2022 kunabwera uthenga wakuti zoni iliyonse isankhe munthu wopita ku komiti ya chitukuko ya wadi, chifukwa kuli ndalama zachitukuko zimene anthu a m'makomboni angapemphe kuti akonzere malo awo. Anthu anasankha Ba Levy. Ntchito yopanda malipiro. Ena anawasankha chifukwa chowakhulupirira, ena chifukwa iwo eni sankafuna kuyenda ndi mapepala padzuwa. Kuyambira tsiku limenelo dzina lawo linakhala ba tcheya.

Kayendedwe kake ndikufotokozereni, chifukwa ambiri mumaganiza kuti ndalamazi zimagwa ngati mvula. Muitanitsa msonkhano wa zoni. Anthu agwirizane chinthu chimodzi chimene akufuna. Mlembi alembe zonse zimene zakambidwa, ndipo aliyense wobwera alembe dzina ndi nambala ya reji, chiphaso chake cha boma. Ndiye mudzaze fomu, ipite ku komiti ya wadi, ikapikisane ndi mafomu a mazoni ena, kenako ipite kutsogolo. Mlembi wa zoni yathu anali Ba Chisala, a takisi aja, ali apo pafupi ndi moto.

Chaka choyamba pamsonkhano panabwera anthu khumi ndi anayi. Ena ankafunsa malemu pamsewu kuti, "Ba tcheya, kuzankhala ka alawansi? Nanga tumadrinki?" Atamva kuti kulibe, sanabwere. Fomu inabwerera chifukwa mayina anachepa. Chaka chachiwiri, 2023, mayina anakwana, koma zoni ina inapempha zimbudzi za pasukulu ndipo inapambana. Malemu sanadandaule, anati ana ndi ana. Chaka chachitatu anatenga kope n'kuyenda nalo khomo ndi khomo miyezi iwiri, ntchito zomanga akuzikana, ine ndikudyetsa nyumba ndi kantemba. Anabwera ndi mayina mazana awiri ndi khumi ndi awiri. Ena mwa inu munasaina muli chiimire pageti, osawapatsa ndi mpando womwe.

Pa 20 Novembala 2024 kalata inafika. Pempho lavomerezedwa. Ngalande ya miyala ndi simenti, kuyambira kumapeto kwa laini kumene kuli chidzenje cha miyala mpaka ku ngalande yaikulu ya kumsewu wa phula. Tsiku limenelo azimayi analuluta. Ba Ngosa anawagulira Fanta n'kuwanyamula dzanja m'mwamba pamaso pa anthu, amvekere, "Aba ndiye bamuna mu Kanyama yonse!" Kalatayo malemu anaiika m'pulasitiki, ankagona nayo pansi pa pilo.

Pa 14 Januwale chaka chino kunabwera injiniya, mtsikana wovala magambutsi, ali ndi tepi yoyezera ndi mapu. Mapu akuti msewu wathu ndi mamita khumi ndi awiri. Tepi inapeza asanu. Anati ngalande ndi galimoto sizingakwane m'mamita asanu. Anatenga penti yofiira n'kulemba mtanda pa chilichonse chimene chalowa mumsewu. Mitanda inakwana khumi: mipanda isanu ndi inayi, ndi kantemba kanga. Analankhula momveka, m'Chinyanja, kuti ndalamazi ndi zokumbira, si zolipira munthu amene anamanga pamsewu. Aliyense achotse yekha chake, makina akabwera apeze potseguka.

Pa 18 Januwale kunali msonkhano. Onse khumi analipo kapena anatuma munthu, ndipo onse anavomera. Ba Ngosa anaimirira n'kunena kuti, "Ba tcheya, yambani imwe, ise tizakonkha. Mukagwetsa Chibelu ise Mande tagwetsa." Anthu anaomba m'manja. Ba Chisala analemba mawu amenewo m'buku la zoni ndi dzanja lawo. Bukulo lili m'nyumba umu, amene akufuna akaone.

Ine ndinawauza malemu zinthu ziwiri. Ndinati musagwetse nokha, mugwetse tsiku limodzi nonse, aliyense akuona mnzake. Ndinatinso musagwetse mvula ili pakati. Anandiyankha kuti, "Bana Chola, ngati changa chikali chiimilile, nizakamba chani kuli bantu?" Chibelu chija, Loweruka pa 8 Febuluwale, anatenga hamala yaikulu. Anayamba m'mawa, pofika masana kantemba ka zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi kanali mulu wa mabuloko. Katundu wanga ndinamuika patebulo pakhonde. Sindinawalankhule milungu iwiri. Sindikupepesa.

Lolemba linafika. Palibe anagwetsa. Aliyense ankasuzumira pageti kuona ngati mnzake wayamba.

Tsopano mumve chimene chinachitika, chifukwa ena mukumanena kuti ba tcheya anafa ndi shuga basi. Mipanda yanu ija ndi kantemba kanga zinali mzere umodzi, ndipo madzi a mvula ankayenda pakati ngati mu mpaipi mpaka kumsewu wa phula. Kantemba katachoka, mu mzere monse munatsala mpata umodzi wokha, pakhomo pathu. Lachiwiri pa 11 Febuluwale kunagwa mvula yaikulu. Madzi a laini yonse, ndi zinyalala zanu, ndi matewera a ana anu, ndi zija mumatsegula m'zimbudzi mvula ikamagwa, zonse zinakhotera kwa Mpundu. M'nyumba madzi anafika m'maondo. Mzere wake ukadalipo pakhoma, amayi amene mwagona m'nyumba masiku ano mwauona.

Malemu analowa m'madzimo kupanga matumba a mchenga kuti atseke mpatawo. Pansi pa madzi panali thabwa la denga la kantemba, lili ndi msomali. Unawalasa ku phazi lamanzere. Anamanga kansanza, osandiuza, n'kupitiriza kuyenda ndi kalata yawo khomo ndi khomo kukumbutsa anthu. Ndinadziwa patapita mlungu, ndi fungo.

Mayankho amene ankalandira ndinawasunga. Ba Ngosa mu Febuluwale anati tidikire mvula ithe. Mu Epulo anati mwana wawo akukwatira, alendo asapeze nyumba ili pambalambanda. Mu Juni anati mpanda wawo unadya ndalama zambiri, boma liwalipire. Kenako anagula penti ya kirimu n'kufufuta mtanda wofiira uja. Ba Chisala anati akuba aona takisi. Malandilodi awiri amene amakhala ku Chilenje ndi ku Kaunda Square, amene timawaona pakutha kwa mwezi pokha, anati iwo madzi sawafika. Zoona, sawafika. Amafika kwa anthu awo a lendi.

Munthu mmodzi yekha anagwetsa. Ba Chipego, amayi amasiye a kumapeto kwa laini, amene amatsogolera gulu lathu la azimayi. Mu Meyi anagwetsa mpanda wawo n'kuzika mapaleti a matabwa m'malo mwake. Palibe chawabedwa mpaka lero. Ndiye yatsala mipanda isanu ndi itatu.

Mu Malichi malemu anayamba kupita kukiliniki kukatsukitsa chilonda. Mu Epulo anawatumiza kuchipatala chachikulu, anawadula zala ziwiri. Pa 19 Juni anawadula mwendo pansi pa bondo. Madokotala ndi manesi anachita zimene akanatha, sindikuwanena kanthu. Mu Julayi anabwerera kunyumba pa njinga ya olumala imene mpingo unatibwereka. Ankafuna kuti tiziwakhazika pamene panali kantemba, kuti aliyense wodutsa awapatse moni. Ambiri munayamba kudutsa mutayang'ana kwina.

Pa 4 Ogasiti kunabwera kalata yachiwiri. Wokumba ayenera kumaliza mvula isanayambe. Ngati pofika pa 30 Seputembala msewu sunatsegulidwe, ntchitoyi ipita ku zoni yotsatira pamndandanda, kumene anthu anachotsa kale zawo. Malemu anauza mwana wathu Rex kuti awakankhe nyumba ndi nyumba. Pageti la Ba Ngosa anagogoda nthawi yaitali. Lole inali mkati, wailesi ikulira. Geti silinatsegulidwe.

Pa 24 Ogasiti anabwereranso kuchipatala, magazi ataonongeka. Lachiwiri pa 2 Seputembala masana ndinali pambali pa bedi lawo. Sanafunse za ana. Sanafunse za ine. Anafunsa kuti, "Ba Ngosa bayamba?" Ndinati ee, ayamba, mabuloko ali pansi. Anagwedeza mutu. Cha m'ma 3 koloko anatisiya, ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi.

Ndinanamiza munthu amene akutsirizika. Ine ndimapemphera, ndikudziwa kuti ndi tchimo. Koma bodza limeneli sindilisenza ndekha.

Kuyambira Lachiwiri mwatisunga bwino, mwamwambo. Ba Ngosa mwabweretsa nkhuni ndi matumba awiri a ufa, ndipo lole yanu itinyamula kupita kumanda. Zikomo, talandira. Ba Chisala mwaimba nyimbo kuposa a kwaya. Zikomo. Enanu sindikutchulani mayina, penti yofiira ili pamipanda yanu, aliyense akuiona pomwe wakhalapo.

Tsopano za tenti imene mwakhalamoyi. Monga timachitira kuno, yatseka msewu wonse, ndipo laini yathu potulukira ndi pamodzi. Magalimoto anu akugona kumsewu wa phula kuyambira Lachiwiri, mukulipira alonda, ndipo palibe wadandaula, chifukwa tenti ya maliro munthu sauza eni ake kuti ichotseni. Mukudikira mawa kapena mkucha, abale akakhala pansi, kusesa m'nyumba, kubweza mipando, maliro n'kubalalika. Maliro ano sabalalika. Tentiyi ndi ya gulu la azimayi, ndipo Ba Chipego ndi anzawo avomera kuti ikhale. Alamu anga Ba Kabwe poyamba anati ndichititsa manyazi banja la Mpundu. Ndinawatengera m'nyumba, ndinasuntha kabati, ndinawaonetsa mzere wa madzi. Atauona anatuma munthu ku Matero akawatengere bulangeti lina, kuti nawonso akhale muno. Ine ndikhala muno ndi chitenje changa chakuda. Moto usazime. Mtanda wofiira womaliza ukagwa, ndi wofufutidwa uja womwe, ndi pamene tidzasese.

Ndipo musati mulibe ndalama. Hamala ya malemu ilipo, tchizulo ilipo, wilibala ilipo. Anzawo omanga asanu amene anyamule bokosi lero anena kuti mpanda uliwonse wogwetsedwa bwino adzaumanganso m'mbuyo mwa mzere ndi mabuloko omwewo, kwaulere, inu mungogula simenti. Rex ndi Chola athandiza. Kwa Ba Ngosa ndi tsiku limodzi lokha. Malemu ndi amene anamanga mpanda umenewo, ankati Ba Ngosa simenti anaumira.

Mpando wawo ku komiti uli wopanda munthu. Ine sindikuufuna, kulemba kumandipweteka dzanja. Achinyamata amene mumakhala pa shopu ya ometa kunena kuti Kanyama sidzasintha, pitani mukaukhale. Pakufunikanso anthu oyang'anira wokumba akabwera, kuti simenti isatulukire kuseri, ndi ena oletsa kutaya zinyalala mu ngalande ikatha. Ba Chisala ali ndi cholembera, alemba mayina tikabwerako kumanda.

Malemu asiya ine mkazi wawo Lillian, ndi ana atatu: Chola, amene ndi makaniki ku Chawama, Rex amene amamanga monga bambo ake, ndi Monde, mphunzitsi ku Kafue. Asiya zidzukulu zisanu. Mwa abale awo atsala Ba Kabwe ndi alongo awo Ba Lombe, amene afika dzulo kuchokera ku Mufulira.

Banja likuthokoza abusa ndi mpingo wonse, a kwaya, azimayi amene akuphika kuseri kuyambira Lachiwiri, manesi a mu wodi imene malemu anagona, ndi injiniya uja, amene atamva za imfayi anabwera yekha kudzapepesa n'kunena kuti makina akadali okonzeka. Likuthokoza abale ochokera ku Mufulira ndi ku Katete, ndi anthu a lendi a mu laini ino amene anasonkha pang'ono pang'ono ngakhale mipanda si yawo. Likuthokoza Ba Chipego.

Bashi Chola, mwamuna wanga, munandigwetsera kantemba ndipo simunandimvere. Zimenezo tidzakambirana ndikadzabwera. Zimene ndinakuuzani kuchipatala zija sizinali zoona, koma kwatsala masiku makumi awiri ndi anayi, ndipo ine sindichoka pamsewu pano. Inu pitani mukagone. Mzimu wanu uuse mumtendere.

Abusa, ndamaliza. Amuna anyamule.